Chaka Chimene Tinafupikitsa Mapemphero

Anthu kuno kwa Mlonyeni amachikumbukira chaka chija chifukwa cha ng'amba ya mu Januwale. Ena amachikumbukira chifukwa cha gaga wa ku Zambia amene anatsegula m'mimba mudzi wonse. Ine ndimachikumbukira chifukwa ndi chaka chimene ndinatseka pakamwa munthu wokalamba kuti asamapemphere monga ankadziwira. Ndine Nachisale, ndinalowa tchalitchi ndili kumsana kwa mayi anga, ndipo pakamwa panga sipachedwa. Nthawi imeneyo ndinkayesa kuti imeneyi ndi mphatso.

Ife timasonkhana mumphakati, kagulu ka mabanja oyandikana a mpingo umodzi, Lachinayi lililonse masana, lero kwa uyu, sabata yamawa kwa uje. Tikamva mawu a Mulungu imafika nthawi yoti aliyense apereke pemphero lake mokweza, enafe n'kuyankha kuti, "Timvereni Ambuye." Ambirife tili ndi mapemphero amene tinawaloweza kalekale: odwala, ana asukulu, atsogoleri a dziko. Ukhoza kupemphera maganizo ali pa ndiwo zamadzulo osaphonya liwu ndi limodzi lomwe.

A Gelevazio okha ndiwo anali ena. Kwawo kunali ku Phalombe, ndipo anabwera kuno akadali ndi mphamvu kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya chakufupi ndi Kachebere. Esitetiyo itatsekedwa anapempha kamalo kumapeto kwa mudzi wathu. Akazi awo anamwalirira pomwepo, mwana analibe, ndipo kwawoko kunalibe amene ankawafunsanso. Nthawi yawo yopemphera ikakwana, ankangowafotokozera Mulungu mmene sabata yayendera.

"Ambuye, mpini wa khasu uja unathyoka Lachiwiri. Ndasema wina koma ukundipweteka m'manja. Nkhuku yofiira ija yaswa anapiye asanu ndi awiri, mphamba watengapo mmodzi."

Ankatha kupitiriza choncho mpaka miyendo kutichita dzanzi. Chovuta chinali chakuti sankapempha kanthu, ndiye sitinkadziwa poyankhira. Tinkangodikira apume, n'kuponyapo "Timvereni Ambuye" wathu, ena atabisa nkhope m'chitenje chifukwa cha phwete. Ndine ndinawapatsa dzina loti Wailesi, ndipo linawakhala.

Novembala

Mvula yobzalira inagwa bwino pakati pa mwezi. Lamulungu lake tinanyamula mbewu m'mabeseni kupita nazo kutchalitchi kuti ansembe akaziwaze madzi odalitsa, ndipo tinabwerako mitima ili m'malo. Koma zokolola za chaka chapitacho zinali zitatikana kale, ndipo feteleza anamugwira ndi anthu owerengeka. Amuna anga, a Dominiko, njala amainunkhiza ikadali kutali. Anagulitsa mbuzi zathu zonse zitatu, n'kuwoloka malire panjinga kudzera tinjira ta m'tchire timene aliyense kuno amatidziwa. Anabwera ndi matumba atatu a chimanga, tsiku lina limodzi, tsiku lina limodzi, atawakutira udzu pamwamba ngati munthu wofuna kufolera khola.

Tinawalowetsa kuchipinda, kuseri kwa bedi, n'kuwafunditsa bulangete lakale. M'nyumba tinalimo anthu asanu: ife awiri ndi zidzukulu zitatu zimene mwana wathu wamkazi anatisiyira popita ku Lilongwe kukafuna ntchito. A Dominiko ananena kuti tikamadya kamodzi patsiku, osapatsako munthu, tikafika pa dowe wakumapeto kwa Malichi, ndipo tikangolekerera dzanja mmodzi mwa anawa tikamuika m'manda. Nkhokwe yathu tinaisiya panja yopanda denga kuti wodutsa aliyense aziona kuti mulibe kanthu.

Ine pemphero ndinkalimva motere: uli ndi chosowa, wagwada, wapempha, Mulungu akafuna wakupatsa. Mwezi umenewo ndinapempha mvula yokwanira komanso kuti anankafumbwe asalowe m'matumba athu. Za matumbazo ndinkapempha chamumtima.

A Gelevazio anawauza Mulungu pamaso pa tonse kuti abzala mizere yawo yonse m'masiku awiri, ndi kuti msana sunawavutitse kwenikweni.

Disembala

Chimanga chinamera mokongola, kenaka mbozi zinalowa m'mitima mwake. Tinathira phulusa, tinathira dothi, ena anathira sopo wosungunula, koma masamba anangodzaza mabowo. Pamsika chigoba cha chimanga chimene mu Juni unkagula ndi ndalama ya sopo chinafika pamtengo wa nkhuku yathadzi. Mavenda ankabwera ndi masikelo awo m'mawa, pofika masana mtengo wasintha. Mphekesera zinali mbwee. Ena ankati kudepoti kubwera chimanga chotsika mtengo sabata yamawa, ndipo amayi ankapita kukakhala pamzere tsiku lonse n'kubwerera matumba ali opinda m'khwapa. Ena ankati malole akutulutsa chimanga m'dziko muno, ena ankati akulowetsa. Palibe amene analiona lole ndi maso ake.

Kuchigayo chakuno sitinkapitako. Ukapita ndi chimanga kuchigayo, pofika madzulo mudzi wonse wadziwa kukula kwa thumba lako. A Dominiko ankatenga pang'onopang'ono kukagayitsa kutsidya kwa malire, pobwerera ufa ataukulunga m'jekete. Ine ndinkaphikira m'nyumba, chitseko chotseka, utsi ukutiliza misozi, ndipo ana tinawaphunzitsa kupukuta pakamwa asanatuluke.

Mapemphero a a Gelevazio anayamba kusintha, ngakhale iwo ankawanena ndi mawu omwe aja osakwera osatsika. Anawauza Mulungu kuti nkhuku yofiira ija agulitsa, ndi kuti wogulayo anawadyera masuku pamutu. Sabata inayo anati anapiye nawonso apita. Khirisimasi itayandikira anati anapita kuganyu wopalira koma mwini munda anasankha achinyamata, iwo anangowauza kuti akapume. Tinkayankhabe, koma kuseka kunali kutatha.

Januwale

Mvula inadula chimanga chikufika m'chiuno. Kumwamba kunayera mbee, ndipo pofika masana masamba ankapota. Mitambo inkasonkhana cha ku Zambia, n'kuchita mdima, n'kugunda, kenaka n'kumwazika tikuiona. Tinachita mapemphero a mvula masiku asanu ndi anayi otsatizana, tinasala kudya ngati kuti tinali tisakusala kale, tinayenda ndi mtanda kuzungulira minda. Ine ndinkatsogolera nyimbo mpaka mawu kusasa. Tsiku lomaliza kunawomba kamphepo kozizira, amayi ena n'kuyamba kulira ndi chimwemwe, koma sikunagwe dontho.

Lachinayi lachitatu la mweziwo mphakati unali kwathu. Anthu anakhala pakhonde, ndipo a Gelevazio anatsamira khoma la kuchipinda. Kuseri kwa njerwa zimene anatsamirazo kunali matumba athu awiri otsala. Nthawi yawo itakwana anaweramitsa mutu.

"Ambuye, ufa uja unatha Lolemba. Lachiwiri ndinawiritsa mango. Dzulo ndinadya nkhwani yopanda kanthu, mchere unalipo. Lero sindinadye, koma ndayenda ndafika. Chimanga chakumunda chikufota, mwachiona nokha."

Kenaka tinati, "Timvereni Ambuye," aliyense maso ali pa zala zake zakuphazi. Ndinali wotsimikiza kuti mkuluyu wanunkhiza chimanga changa, ndipo wasankha dala khoma limenelo kuti andilase ndi pemphero pakhomo panga pomwe. Munthu akakupempha maso ndi maso umatha kumunamiza, iye n'kupita. Koma uyu akuuza Mulungu iwe ukumva, ndipo ukuyenera kuvomera ndi pakamwa pako. Sindinawamvere chisoni tsiku limenelo, ndinawakwiyira.

Anthu atabalalika ndinawauza a Dominiko kuti mwina tiwapatseko kambale kamodzi kuti atileke. Iwo anandifunsa kuti sabata yamawa akadzathokoza Mulungu mokweza kuti Nachisale wawapatsa ufa, pakhomo pano padzakhala anthu angati. Ankanena zoona, chifukwa a Gelevazio sankadziwa kumubisira Mulungu kanthu. Akanatitchula ndithu, ndi kukula kwa mbale komwe.

M'mawa mwake ndinapita kwa a Mwale, wapampando wa mphakati wathu, munthu wofatsa amene amadana ndi mikangano. Ndinawayalira nkhani bwinobwino. Ndinati anthu akubwera ndi njala, sangakhale padzuwa kumvetsera za mango. Ndinati Mulungu amadziwa zosowa zathu tisanatsegule pakamwa, ndiye kuchulukitsa mawu n'kumukayikira. Ndinatinso njala ndi ya tonse, si bwino munthu mmodzi aziionetsa ngati yake yekha. Zonsezi zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake zinagwira ntchito.

Lachinayi lotsatira a Mwale analengeza kuti kuyambira tsiku limenelo mapemphero azikhala aafupi, chiganizo chimodzi, opempherera anthu onse osati kufotokoza za m'nyumba mwako. Sanatchule dzina la munthu. Ndinkayembekeza kuti wina atsutsa, koma anthu anavomera msangamsanga, ena mpaka kuwomba m'manja. Apo m'pamene ndinazindikira kuti si ine ndekha amene ndinali ndi kanthu kuseri kwa bedi.

A Gelevazio anangoti, "Ndamva, akuluakulu." Nthawi yawo itafika anati tipempherere onse amene ali ndi njala. Tinayankha mwamphamvu kuposa masiku onse, ndipo tinaweruka dzuwa likadali pamwamba.

Febuluwale

Uwu ndiwo mwezi umene njala inafika posauzana. Anthu anakumba zitsa za nthochi, kuzisinja n'kuyanika. Mabanja anagulitsa malata a padenga, mapoto, ngakhale zitseko. Kunabwera anthu olemba mayina a thandizo, koma mayina anali ochepa, ndipo amene analandira ankagawana ndi abale awo mpaka thumba limodzi kuthera m'nyumba zisanu. Aliyense anali ndi wake womuganizira: uyu mlongo wake, uyu apongozi, uyu ana a malemu achimwene ake. A Gelevazio sanali mlongo wa munthu kapena malume wa munthu. Palibe anawamana, kungoti pogawana dzina lawo silinkafika m'mutu mwa aliyense.

Kale tikanadziwa mmene akukhalira, chifukwa akanatiuza tonse Lachinayi, tifune tisafune. Tsopano ankabwera, n'kukhala kumapeto, n'kupempherera onse anjala, kapena onse odwala, n'kumapita. Tikawafunsa kuti muli bwanji ankati ali bwino, monga timayankhira tonse. Ine ndinkagona tulo tabwinoko, ndisaname.

Mvula inabwereranso chapakati pa mwezi, mochedwa. Chimanga chambiri chinali chitamasula ngayaye chili chachifupi, chopanda mwana. Chimene chinapulumuka ndi cha m'munsi, chakufupi ndi dambo. Anthu ankapita ku Zambia kukalima maganyu, malipiro ake gaga, ndipo ena ankakhalako sabata yathunthu.

Tsiku lina ndikuchokera kothyola ndiwo ndinakumana nawo a Gelevazio panjira yochokera kumalire. Anali atakhala pachitsa, kajumbo ka gaga kali pamiyendo. Mapazi awo anali otupa, onyezimira, moti zingwe za patapata zinali zitalowa m'mnofu. Ndikanatha kungopereka moni n'kudutsa, koma pakamwa panga panayamba pokha.

"Bambo, ndikufunseni. Mapemphero anu aja munkauza Mulungu kapena munkauza ife?"

Anandiyang'ana modabwa, osati mokwiya. Anati inu mukabwerako kumunda mumawauza a Dominiko zimene mwaona, iwonso amakuuzani zawo, koma ine ndikafika kunyumba ndimapeza mphasa. Ndinati nanga bwanji osawauza Mulunguyo muli nokha m'nyumba, poti amamva paliponse.

"Ndimawauza, mayi. Koma m'nyumba muja palibe amayankha. Lachinayi ndikanena, ndinkamva anthu akuti timvereni Ambuye, ndiye ndinkati basi, zafika."

Ndinawafunsa chifukwa chake sapempha kanthu, ngakhale ufa womwewo. Anaseka pang'ono, mano awo otsala aja ali poyera. Anati iwo ndi malemu akazi awo anapempha mwana zaka zambirimbiri, mpaka anaona kuti zopempha siziwayendera, koma Mulunguyo sanafune kumutaya, ndiye anangoyamba kucheza naye. Za khoma la kuchipinda kwanga sankadziwa kanthu. Anatsamira pamenepo chifukwa m'pamene panali mthunzi.

Akanati ankatipempha mozungulira, ndikanapeza powakwiyira, ndipo mtima ukanapepuka. Ndinawathandiza kuimirira, n'kuwauza kuti ayende bwino. Panjira ndinalumbira kuti mawa ndiwapititsira ufa, a Dominiko adziwe asadziwe, ndiponso Lachinayi ndikauza a Mwale kuti lamulo lija lichoke.

Mawa lake mdzukulu wathu wamng'ono anayamba kutsegula m'mimba ndipo tinakhala naye kuchipatala masiku anayi. Titabwerako ndinapisa dzanja m'thumba lomaliza, n'kupeza kuti latsika kuposa mmene ndinkaganizira. Ndinati ndidikire kaye mwana alimbe. Lachinayi linafika, ndinayang'ana nkhope za anzanga, n'kuona kuti ndikatsegula nkhaniyo andifunsa kuti wayambitsa ndani. Ndinapempherera atsogoleri a dziko.

Malichi

A Gelevazio sanabwere kumphakati sabata yoyamba. Wina anati anawaona akulowera kumalire, ndiye tinati ali kuganyu. Sabata yachiwiri sanabwerenso. A Mwale anapempherera onse amene ali paulendo, ife n'kuyankha. Nyumba yawo inali kumapeto, kuseri kwa nsungwi, kosadutsa munthu pokhapokha ali ndi chifukwa, ndipo mwezi umenewo palibe ankafuna chifukwa cholowera m'nyumba ya mnzake.

Ine ndinkadziwa kuti mapazi ndinawaona aja sangafike ku Zambia. Ndinadziwa sabata yoyamba, ndinadziwanso yachiwiri. Loweruka masana, a Dominiko ali kumunda, ndinatapa ufa mbale imodzi, ndinaubisa m'chitenje, n'kudzera kuseri kwa makola kuti ndisakumane ndi munthu.

Chitseko chinali chongotsekera ndi mpando. Ndinaodira katatu, kenaka ndinakankha. Anali gone pamphasa, nkhope yotupa moti maso ankaoneka pang'ono, milomo yosweka. Pambali panali kapu youma ndi chitsa cha nthochi chosenda theka. Pamafuwa panali patamera kaudzu. Anandizindikira, ndipo anayesa kudzuka kuti andipatse mpando.

Ndinakoleza moto ndi udzu wa padenga lawo, n'kuphika phala lamadzimadzi. Ndinawatsamiritsa pachifuwa panga n'kumawamwetsa ndi supuni. Masupuni awiri analowa, yachitatu inabwerera. Thupi linali litaiwala kale ntchito yake. Ndinayamba kulankhula zambirimbiri, kuti apirire, kuti dowe watsala masabata awiri, kuti ndikaitana anthu tiwatengere kuchipatala. Iwo anagwira dzanja langa n'kunena kuti ndiwapempherere, poti mawu awathera. Ine, mayi wa pakamwa, ndinawafunsa kuti ndinene chiyani.

"Muwauze kuti chimanga cha m'munsi chija chabereka. Ndinakwawa Lachitatu kukachiona. Sindinawauze."

Ndinagwada n'kunena zomwezo, liwu ndi liwu. Nditamaliza ndinadikira, kenaka ndinazindikira kuti woyankha palibe, ndiye ndinayankha ndekha. Iwo anagwedeza mutu.

Ndinathamanga kukaitana a Mwale ndi amuna ena. Ng'ombe zokoka ngolo zinali zitagulitsidwa mudzi wonse, choncho anawamangirira pampando wa njinga, wina akukankha, awiri akuwagwirira m'mbali. Sanafike nawo ngakhale pamsewu waukulu. Anabwerera nawo atawafunditsa chitenje changa.

Tsopano mwambo wathu ndi wakuti maliro akagwa, nyumba iliyonse imapereka ufa ndi nkhuni kuti okumba manda ndi olira adye. Pa zimenezi palibe amakana, chifukwa wokana amadziwa kuti tsiku lake likadzafika adzadzikumbira yekha. Amayi awiri anayenda khomo ndi khomo ndi dengu, ndipo ine anandiika pamalo olandirira, poti ndimadziwa kuyendetsa zinthu. Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango pakhomo pa malemuwo, n'kumaona ufa ukubwera. Unabwera wa mgaiwa, unabwera wosakaniza ndi gaga, unabweranso woyera, wokonola bwino, umene ndinkayesa kuti unatha m'mudzi muno chaka chisanathe. Nyumba zimene eni ake ankalumbira kuti agona ndi njala masiku atatu zinatulutsa mbale yosefukira. A Dominiko anatapa okha m'thumba lathu, osandifunsa, mbale ziwiri.

Dengu linadzaza, tinabwereka beseni, nalonso linadzaza. Sindine wophunzira, koma ufa ndimaudziwa ndi maso. Munthu mmodzi wokalamba, wodya pang'ono ngati iwo, ukanamufikitsa pa dowe n'kutsalako. Amayi amene tinali pamenepo tonse tinauona, ndipo aliyense anadziwa kuti mnzake wauona. Tinayamba kukambirana za nkhuni, kuti zachepa.

Anthu anabwera ambiri, ena ochokera midzi yakutali amene a Gelevazio sanawaonepo, chifukwa chaka chimenecho maliro ndiwo anali malo odyera. Wachibale sanabwere ndi mmodzi yemwe, panalibe womuimbira foni. Mwambo wa mpingo unayenda bwino, tinaimba mokoma, ndipo wolalikira anati malemuwa anali munthu wokonda kupemphera.

Titabwerako kumanda chakudya chinali chitapsa. A Mwale anandipempha kuti ndidalitse. Ndinaimirira, anthu atasamba kale m'manja, ana maso ali pa mbale. Ndinathokoza Mulungu chifukwa cha chakudya chimene watipatsa mwa ubwino wake, ndipo mawu anatuluka osalala ngati masiku onse. Anthu anati amen. Ndinkaganiza kuti pakhosi panditsekeka, koma sipanatsekeke. Ndinadya, ndinawonjezera, ndipo ndinakhuta koyamba chichokereni Khirisimasi. Mitanda iwiri ya nsima ndinakulunga m'tsamba la nthochi kupititsira ana.

Meyi

Tinakolola tochepa, ngolo imodzi yosadzaza pamunda umene umatipatsa zinayi. Zidzukulu zanga zonse zitatu zilipo, zikupita kusukulu, ndipo a Dominiko amati tinachita bwino. Ndikawayang'ana anawo sinditha kunena kuti akunama. Chimanga cha a Gelevazio chinadyedwa chili chachiwisi ndi aliyense wodutsa, ndipo kamundako anakatenga ena. Lamulo la mapemphero aafupi palibe analichotsa. Lilipo mpaka lero, ndipo achinyamata amayesa kuti ndi mmene mpingo umachitira kuyambira kale.

Ine ndimapitabe Lachinayi. Ndimapempherabe, koma mukandifunsa kuti pemphero ndi la ntchito yanji, sindingakuyankheni msanga ngati kale. Tinapempha mvula masiku asanu ndi anayi, sinabwere. Ndinapempha kuti anankafumbwe asalowe m'matumba anga, sanalowe. Munthu mmodzi yekha pakati pathu ndiye sankapempha kanthu, ankangofuna kuti zimene wanena zifike, ndipo zinkafika kudzera pakamwa pathu. Tinali titagwira mbali imodzi ya pemphero lake osadziwa, ndipo titaona kuti ikulemera tinaitula. Nthawi zina ndimaganiza kuti Mulungu anayankha ndithu, anaika yankho lake kuseri kwa mabedi athu mwezi wa Novembala. Nthawi zina ndimaganiza kuti amenewa ndi maganizo ongodzizunza nawo, ndipo kumwambako kunali zii kwa ife tonse mofanana.

Sabata ya zopereka za masika isanafike kunabwera wansembe wachinyamata kudzamvetsa kulapa kutchalitchi chathu chaching'ono. Ndinakhala pamzere kuyambira m'mawa. Nditagwada ndinanena zonse: matumba, khoma, ulendo wanga wa kwa a Mwale, mapazi otupa, masabata awiri aja, ndi kukhuta kwa pamaliro. Ndinkafuna andikalipire. Ndinkafuna andiuze kuti ndiyende chogwada mpaka ku Phalombe, kapena ndiimirire pamaso pa mphakati ndinene zimene ndinachita.

Anamvetsera mpaka kumapeto, ndipo ndinamva akupuma mozama. Anati kusunga chakudya cha ana si tchimo, ndi kuti chaka chino wamva zoterezi m'midzi yonse imene wayendamo. Anati Mulungu ndi wachifundo kuposa mtima wanga. Mawu ake anali otopa, ndipo kumbuyo kwanga kunali anthu ambiri akudikira. Anandipatsa chilango choti ndinene Tikuoneni Mariya katatu, kupempherera mzimu wa malemuwo.

Ndinatuluka n'kuyamba kunena ndikuyenda, pang'onopang'ono, kukoka liwu lililonse kuti zitalike. Ndinamaliza ndisanafike n'komwe pamjigo wa kuseri kwa tchalitchi.